Anthu osanja katundu amene anandithandiza kutsegula nyumba ya malemu amayi ku Chilomoni

Ndakhala ndikufuna kulemba za anthu amenewa kuyambira mwezi watha koma ndikati ndiyambe mtima umangolemera, lero ndangoti basi ndilembe chifukwa ndikudziwa kuti alipo ena amene ali ndi nyumba yotseka ngati mmene inalili yathu, makiyi ali mchikwama koma kulowamo zikukanika. Ndi kagulu ka anthu anayi ku Blantyre, azimayi awiri ndi anyamata awiri, ntchito yawo ndi kukonza mnyumba komanso kuthandiza munthu kusanja katundu, ichi chikhale ichi chipite. Dzina lawo sinditchula chifukwa pali china chake chinalakwika ndipo ndichinena mosabisa, nde sindikufuna kuti bizinesi ya anthu iwonongeke chifukwa cha pakamwa panga.

Amayi anatisiya mu Ogasiti 2022. Nyumba yawo ili ku Chilomoni, ya zipinda zitatu, anakhalamo zaka zoposa 30 ndipo ife tonse tinakulira momwemo. Maliro atatha zovala zina zinagawidwa kwa abale monga mwa mwambo, amalume ndi amene anatsogolera, koma zinali za mu wadiropu imodzi yokha, zina zonse tinangokhoma chitseko nkumati tidzaona bwinobwino. Ine ndimakhala ku Lilongwe, achimwene ali ku Johannesburg, mng'ono wanga ali ku Mzuzu, nde bwinobwino uja sanafike. Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy, nyumba yathu sinagwe ndipo timathokoza Mulungu tikaganiza zimene zinachitikira anzathu ku Chilobwe, koma lata limodzi la chipinda chakumbuyo linasekuka ndipo madzi ankalowa popanda wodziwa. Pamene ndimadzatsegula patapita miyezi fungo la chuku linandilandira pakhomo pomwe, makatoni apansi anali atanyowa nkuuma nkunyowanso, chiswe chitamanga njira yake pakhoma mpaka kudenga.

Ndinayesera ndekha katatu. Ulendo uliwonse ndimakwera basi mmawa, kudutsa Dedza, Ntcheu, Zalewa ndili ndi mapulani mmutu kuti lero ndiyambira apa ndithere apo, koma ndikangolowa kuchipinda kwa amayi nkutsegula kabati, fungo la sopo wawo ndi mafuta awo aja lili pompo, ndimangokhala pabedi misozi ili chuchuchu mpaka dzuwa kupendeka, kenako nkutseka nkubwerera. Palibe olo sipuni imodzi imene ndinatulutsa. Chinatikakamiza ndi ndalama, Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zinakwera zonse ndipo tinaona kuti nyumba kungokhala ikuwonongeka pomwe ikanamabweretsa ya lendi yolipirira fizi ya ana si nzeru, tinagwirizana kuti tiikonze tiikemo munthu.

Anthuwa ndinawapeza pa Facebook, mnzanga wa kutchalitchi ndi amene ananditumizira. Nditaimba foni anayankha mayi wamkulu wa gululo, munthu wofatsa mawu, ndipo sanathamangire kunena mtengo, anati abwere kaye aone nyumbayo. Anabweradi Loweruka, anazungulira zipinda zonse osagwira kanthu, manja ali kumbuyo, kenako tinakhala pakhonde nkundifunsa funso limene sindimaliyembekezera, anati "Asisi, katunduyu ndi wa malemu, kodi abale onse akudziwa kuti mukufuna kumuchotsa? Eni mbumba avomera?" Ndinati achimwene ndi mng'ono wanga akudziwa. Anati ayi sizikukwana, iwo sagwira katundu wa malemu pokhapokha wamkulu wa kubanja akhalepo kapena alankhule nawo yekha pafoni, chifukwa anaonapo mabanja akudana mpaka kutengerana kubwalo chifukwa cha mpando umodzi. Anandikumbutsanso kuti lilipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limene limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu, nde iwo safuna dzina lawo lidzamveke pa nkhani zoterozo. Pamenepo mpomwe ndinayamba kuwakhulupirira, chifukwa munthu wongofuna ndalama sakanadzichedwetsa yekha ntchito chonchi.

Mtengo anati K180,000 masiku atatu, anthu anayi, sopo ndi matsache ndi masaka ndi zawo, koma lole yonyamula zinyalala ndi yanga komanso nkhomaliro ndi yanga. Theka ndinatumiza pa Airtel Money tsiku lomwelo, theka lina pomaliza. Kwa ine ndalama imeneyi si yochepa ayi, ndinachita kudula zina ndi zina mwezi umenewo, koma nditaona ntchito yake sindinganene kuti anandibera. Amalume anabwera kuchokera kumudzi ku Chiradzulu, anagona konko masiku onse atatu.

Tsiku loyamba anafika cha mma 9 pomwe tinapangana 7 koloko, anati minibasi zinavuta, chabwino zimachitika koma sanaimbe foni kundiuza, ine ndili pakhomo ndi amalume kudikira. Atafika anayala mphasa zinayi pabwalo, ina ya zosunga, ina ya zogawira abale, ina ya zogulitsa kapena kupereka kwa ovutika, yomaliza ya zotaya. Nde panali katoni imodzi yaikulu imene anaiika pambali pa mpando wanga, anati iyi ndi ya zinthu zimene mtima sunayankhe, mukagwira chinthu nkuona kuti simukudziwa musalimbane nacho, ikani umu tidzachiona tsiku lomaliza. Katoni imeneyo inandipulumutsa kwambiri. Chimene chinkandilepheretsa ndili ndekha chinali choti chinthu chilichonse ndimafuna ndichiweruziretu pompo, ndipo chikandikanika ndimasiya zonse.

China chimene anachita mwanzeru, sanayambire kuchipinda kwa amayi. Anayambira kukhitchini ndi kusitolo. Abale, amayi anga ankasunga zinthu. Mabotolo a Sobo osawerengeka otsukidwa bwinobwino, zitini za majarini zodzaza mabatani ndi misomali ndi zingwe, majumbo opindidwa timakona atatu atadzaza thumba lonse la feteleza, zigubu zobooka, mapoto opanda zogwirira, mbaula zitatu zodyeka ndi dzimbiri, nyali za parafini zopanda magalasi. Mmodzi wa anyamata aja anayamba kuseka ataona majumbowo, mayi uja anangomuyang'ana kamodzi iye nkukhala chete, kenako anati makolo athuwa anakula nthawi imene botolo linali chuma, ukataya lero mawa ukasowa pothira mafuta, musamawaseke. Mawu amenewo anandikhazika mtima pansi chifukwa ndinali ndi manyazi kuti anthu achilendo akuona zonsezi. Pofika masana khitchini inali mbee ndipo ine ndinali nditazolowera kunena kuti ichi chipite popanda kunjenjemera, nde ndinamvetsa chifukwa chake anayambira kumeneko, amafuna dzanja lizolowere pa zinthu zopepuka lisanafike pa zolemera.

Mabotolo sanataye, anaitana mayi wina wa pafupi amene amagulitsa thobwa anatenga onse mosangalala. Zitsulo zonse, mbaula, mapoto obooka, bedi lakale la masipuling'i, anaziika pazokha nkuitana ogula zitsulo a ku Ndirande amene anabwera ndi sikelo yawo. Ndalama yake inali yochepa koma inakwana kulipira theka la lole.

Mu kabati ya pabalaza ija ya magalasi munali mbale ndi makapu a alendo, amene ife ana sitinkaloledwa olo kuwakhudza. Seti ina inali ikadali ndi timapepala ta kusitolo pansi pake, zaka zonsezi amayi ankadikira mlendo woyenera. Ndinafuna kuzikulunga ndikazisungenso mkabati ku Lilongwe, mayi uja anandifunsa modekha kuti kodi mukakazisunga adzamwere ndani. Tinagawana patatu ndi abale anga ndipo zanga ndikumwera tiyi mmawa uliwonse, kamodzi kabenthuka kale pamlomo koma sindikudandaula.

Tsiku lachiwiri ndi limene linali lolemera. Pansi pa bedi la amayi panali thilanki lachitsulo la malemu bambo, lobiriwira, dzina lawo litalembedwa ndi penti yoyera pamwamba, loko wake tinachita kuthyola chifukwa kiyi sanapezeke. Bambo anapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodi, ali mnyamata ndipo thilankilo anabwera nalo kuchokera kumeneko. Ine ndinkangolidziwa ngati chinthu chimene chimatipweteka zala tikamasesa, sindinaonepo mkati mwake. Titatsegula munali bulangete lolemera lija la ku Joni njenjete zitadya mmbali, chipewa, lamba wachikopa wouma gwa, mapepala a malipiro a ku mgodi, makhadi a chipani a zaka zosiyanasiyana atamangidwa ndi mphira, ndalama zachitsulo zakale za mashiling'i za nthawi imene Kwacha isanabwere mu 1971, ndi makalata amene ankalemberana ndi amayi asanakwatirane.

Amalume atangoona zimenezi anakhala pansi pa simenti penipeni, munthu wamkulu, nkuyamba kufotokoza zinthu zimene sindinazimvepo. Anati bambo anali kumeneko mu 1974 pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nkupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi amene amabwerera kwawo, ndipo kumudzi anthu analira maliro a bambo masiku angapo osadziwa kuti sanali mu ndege imeneyo, mpaka kalata inafika. Ngozi imeneyo ndi imene inapangitsa Kamuzu kuletsa anthu kupita ku migodi nthawi imeneyo, nde bambo atabwerako sanapitenso. Kalata imene inafika kumudzi ija inali mthilankimo, inki itafufuma koma ikuwerengeka. Anatenganso makhadi aja nkumatiuza mmene munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi opanda khadi, anyamata aja anangoti kukamwa yasa chifukwa anabadwa zonsezo zitatha. Chimene ndikuwayamikira anthuwa nchakuti ntchito inaima pafupifupi ola lathunthu ndipo palibe amene anayang'ana wotchi kapena kutsokomola kuti tifulumire, mayi wachiwiri uja anangopita kukatereka tiyi nkubweretsera amalume. Munthu amene amalipidwa pa tsiku kuchita zimenezo si chinthu wamba.

Thilankilo silinapite pa mphasa iliyonse, tinagwirizana kuti makalata ndi mapepala ndisunge ine, thilanki lenilenilo ndi chipewa zidikire achimwene, bulangete amalume anapempha ndipo palibe amene akanawakaniza.

Kenako mashini osokera. Singer yakuda ya mapazi, imene amayi anatiphunzitsira nayo sukulu tonse atatu, ankasoka mayunifolomu a ana a pulayimale pakhonde mpaka usiku ndi nyali. Phokoso lake ndi limene ndinkagonera ndili mwana. Ine kusoka sindidziwa, nyumba yanga ku Lilongwe ndi ya lendi yaing'ono, poika palibe, koma kunena kuti ipite pakamwa pamakana. Inalowa mu gulu la katoni ija olo kuti mkatoni simukanakwana. Madzulo mayi uja anandipeza ndikuipukuta fumbi nkundifunsa ngati kubanja kwathu kulibe amene akuphunzira zosoka. Alipo, mwana wa msuweni wanga amene anasiyira sukulu Fomu 2 ndipo amaphunzira pa mashini obwereka. Anati mashini akakhala osapondedwa amagwira dzimbiri nkufa, koma akamapondedwa amakhala zaka zina 40. Sanandikakamize, anangonena zimenezo nkubwerera ku ntchito yake. Mtsikanayo anabwera mmawa mwake ndi amayi ake, anagwada pansi polandira, anathira mafuta nkuponda kamodzi, phokoso lija litamveka mnyumbamo ndinatuluka panja chifukwa sindikanatha kupirira. Koma sindikunong'oneza bondo, pano akusoka pa msika kwawo ndipo wanditumizira kale zithunzi.

Amayi anali a Mvano ku CCAP. Yunifolomu imodzi anapita nayo, koma ina inatsala, bulauzi yoyera ndi duku loyera ndi siketi yakuda, zositidwa bwino zili mu pulasitiki. Apa anthuwa anadziwa okha kuti si chovala choika pa mulu wa zogulitsa kapena kungopatsa aliyense, anati tikafunse amayi a Mvano anzawo. Tinatero ndipo anabwera awiri kudzatenga, anapemphera nafe pabalaza. Zitenje zinali zambiri zedi, za ukwati, za chinkhoswe, za misonkhano ya mpingo, zina za nkhope ya Kamuzu za nthawi imene amayi ankavina ngati mbumba. Zambiri zinagawidwa kwa azakhali ndi azisuweni, koma mayi wachiwiri uja anapereka nzeru yoti tisankhe zimene amayi ankavala kawirikawiri, zothaitha zija zimene palibe angazifune, telala adule tizidutswa alumikize nsalu zoyala pabedi zitatu, aliyense wa ife yake. Nzeru imeneyo yokha ndikanailipira payokha.

Tsopano ndinene chimene chinalakwika chifukwa mpaka lero chikundiwawa.

Chipinda chakumbuyo chimene chinadontha chija chinali ndi makatoni a mapepala, ambiri anali owola, manyuzipepala akale, makope athu a kusukulu, malisiti a madzi ndi magetsi. Tinagwirizana mmawa kuti pepala lililonse lolembedwa pamanja lidutse kaye mmanja mwanga. Koma nkhani za amalume zitatha, ife tikadali pa thilanki ija, anyamata awiri aja anakapitiriza okha kuchipindako, ndipo poona kuti makatoni ndi onunkha chuku anangonyamula nkukakhuthula kudzenje kuseri nkuyatsa moto. Ine ndinamva fungo la utsi ndikuthamangira kumeneko, ndinapeza moto uli lawilawi ndipo pamwamba pake pali kope lachikuto cholimba chakuda limene ndinalizindikira nthawi yomweyo. Linali kope la amayi limene ankalembamo chilichonse, miyezo ya makasitomala awo, ngongole, za chipereganyu, masiku amene ana ndi adzukulu anabadwa, mayina a makolo awo mpaka agogo a agogo, ndi kaphikidwe ka chikondamoyo chawo chimene palibe wa ife amachitha. Ndinalivuula ndi ndodo koma theka linali litapsa kale, masamba a kutsogolo kumene kunali mayina a makolo anapita onse.

Ndinakalipa, sindibisa, ndinalankhula mokweza mpaka aneba anasuzumira pa mpanda. Mayi uja sanadziikire kumbuyo kapena kuloza anyamatawo chala pamaso panga, anati kulakwa ndi kwake chifukwa anawasiya opanda woyang'anira, anagwada nkupepesa kwa ine ndi kwa amalume, ndipo pomaliza anachotsa K30,000 pa mtengo ndisanapemphe. Anakhala nane pansi kutola timasamba totsala nkumatiyala pa thebulo kamodzikamodzi. Kupepesa kwake kunali kochokera mumtima, ndinaona, koma kope silibwerera. Mwamwayi amalume akukumbukira mayina ambiri ndipo usiku womwewo ndinawajambula mawu pafoni akutchula mmodzimmodzi, koma awiri a kuchimuna kwa amayi anawaiwala ndipo palibenso wina wamoyo amene angatiuze. Nde ngati mungawaitane anthuwa kapena ena aliwonse a ntchito ngati imeneyi, mapepala onse atsekereni mchipinda chimodzi kiyi akhale mthumba mwanu, ndipo muwauziretu kuti machesi asayatsidwe inu musanaone. Komanso zowotcha zinyalala pakhomo sindinazikonde nkomwe, munali mapulasitiki ndipo utsi wake unavutitsa anthu oyandikana nawo, pomwe lole yopita nazo kumtaya ku Mzedi inali italipiridwa kale.

Chachiwiri chimene sichinandisangalatse ndi wogula mipando amene anabwera naye. Anati ali ndi munthu wawo amene amagula katundu wakale, anabwera bambo wina nkuyamba kunyoza chilichonse, sofa akuti yatha fasho, thebulo lodyera akuti ndi lolemera kwambiri anthu masiku ano safuna, pomwe thebulolo ndi la mlombwa weniweni limene kalipentala aliyense angaligwadire. Mtengo umene anatchula pa zonse pamodzi unali wochititsa manyazi. Amalume anangoti "Bambo, zikomo mwabwera, katunduyu sakuthawa," nkumuperekeza pageti. Ndinajambula zithunzi nkuika pa WhatsApp ndi pa Facebook Marketplace ndipo sofa ndi kabati zinagulidwa pasanathe masiku anayi pa mtengo woposa kawiri umene bamboyo ananena. Thebulo sitinagulitse, lapita kwa mng'ono wanga ku Mzuzu. Sindikunena kuti anapangana zodyerana, umboni ndilibe, koma pa nkhani yogulitsa musadalire munthu mmodzi amene akubweretserani, funsani mitengo kwina kaye.

Tsiku lachitatu linali la zithunzi ndi katoni ija komanso kukolopa. Maalubamu ena anali atamatana ndi chinyezi, mayi wachiwiri uja amadziwa kuzimatula pang'onopang'ono osang'amba ndipo zimene zinakanika anati tisakakamize. Anandithandiza kujambula chithunzi chilichonse ndi foni pakhonde pamene pali kuwala kwabwino, tinatsegula gulu la pa WhatsApp la banja nkumaponya momwemo. Achimwene ku Johannesburg anali pa ntchito koma amayankha chithunzi chilichonse, kenako anaimba vidiyo akulira, anati "Achemwali, wailesi ya bambo ija musataye chonde." Wailesiyo inali kale pa mphasa ya zotaya chifukwa sinalire zaka 20 ndipo mabatire anaolera mkati. Ndinafuna kuwatsutsa koma mayi uja anandinong'oneza kuti aliyense ali ndi chake chimene chimamugwira mtima, inu mwasunga makalata asiyeni nawonso asunge wailesi. Inalowa mthilanki, ikuwadikira.

Katoni ya zosayankhidwa ija titaitsegula ndinadabwa kuti zambiri zinali zitayankhika zokha. Magalasi a maso a amayi, ndinasunga. Nsapato zawo za kutchalitchi, zinapita kwa azakhali amene amavala saizi yomweyo. Makadi a Khirisimasi a anthu amene sindikuwadziwa, ndinawerenga kamodzi nkuwalola apite. Mankhwala otsala a kuchipatala amene ndinkalephera kuwataya chifukwa anali a masiku awo omaliza, mayi uja anati amenewa si chikumbutso chabwino komanso ndi oopsa kwa ana, tinawabweza ku famase kuti akawataye moyenera. Baibulo lawo lodzaza timapepala ndi mizere yofiira palibe amene anafunsa nkomwe, linalowa mchikwama changa tsiku loyamba lomwe.

Kukonza kwenikweni amakutha, apa ndilibe nawo mawu. Anakwecha makoma a chuku, anagwetsa njira za chiswe nkundionetsa pamene chikulowera kuti ndiitane opopera mankhwala, mawindo anawala, pansi anapaka polishi yofiira mpaka khonde linabwerera mmene linkaonekera amayi ali ndi mphamvu. Palibe kanthu kanasowa, ndipo ndikunena izi chifukwa mmatumba a majekete ndi mkati mwa mabuku ankapezamo ndalama, zina zakale zosagwiranso ntchito zina zatsopano, ndipo ulendo uliwonse amabwera nazo kwa ine olo ikhale K200. Mnyamata yemwe uja anayatsa moto ndi amene anapeza mphete ya ukwati ya amayi mkachitini ka mabatani, imene tinaifunafuna nthawi ya maliro osaipeza, anabwera nayo atagwira ndi manja awiri.

Nde mukandifunsa ngati ndingawaitanenso, eya ndingawaitane, ndipo ndauza kale mnzanga amene bambo ake anamwalira chaka chatha ku Bangwe. Koma ndamuuza kuti asachoke pakhomo olo mphindi khumi, akhale ndi wachibale wina woti aziyang'anira mbali inayo pamene iye ali mbali ino, mapepala atsekere, ogula apeze yekha, ndipo asavomere masiku ochepera atatu pa nyumba imene munthu anakhalamo moyo wake wonse chifukwa tsiku limodzi limathera kulira ndi kumvetsera nkhani za akuluakulu. Amene akungofuna kuchotsa zinthu zosafunika mnyumba mwake momwe akukhala, zovala za ana zothina ndi ziwiya zakale, mwina ndalama imeneyi ndi yambiri, atha kuchita yekha ndi mphasa zinayi ndi katoni imodzi. Koma pa katundu wa malemu pamafunika munthu wapadera amene sakulira nawo, woti akugwire dzanja nkukufunsa funso limodzi pa nthawi yake, ndipo mayi ameneyu mphatso imeneyo ali nayo.

Titamaliza Lolemba madzulo lole itapita, amalume anapempha kuti tipemphere mnyumba yopanda kanthuyo, mawu awo ankachita kubwerera mmakoma. Anthu aja anaima nafe limodzi mitu ili pansi. Kenako ndinazungulira zipinda zonse ndekha, pa chitseko cha kukhitchini pakadali timizere ta pensulo pamene amayi ankatiyeza msinkhu chaka ndi chaka, ndinawauza opaka penti kuti pamenepo asapakepo ndipo amene akulowa mnyumbamo avomera.

Ku Lilongwe ndinabwerera ndi chikwama chimodzi ndi katoni imodzi basi, makalata a bambo, Baibulo, magalasi, mphete, makapu anayi, theka la kope lija nditalikulunga mu duku, ndi mthiko wa amayi umene unadyeka mbali imodzi chifukwa cha mmene ankaugwirira. Nsalu yoyala pabedi ija telala wamaliza sabata yatha, mwana wanga wamkazi atangoiona analoza kachidutswa kobiriwira ka maluwa achikasu nkunena kuti ichi ndi chimene agogo ankandiberekera.